Mbusa Alexander Hetherwick, Woyamba Misyoni ya Domasi

Alexander Hetherwick anabadwa ku Scotland caka ca 1860. Anafika ku Blantyre mu 1883, ndipo mu 1884 anayamba misyoni ino pa Domasi, pakati pa Ayao.

Ciyao cinali cinenero cacilendo kwa iwo, koma sanadikire kufikira ataciziwa copanda banga. Mu 1889 anaturutsa buku lophunzitsa Ciyao. M'mene anaona zoperewera, analikonza, nalisindikizanso mu 1902. Momwemonso buku lotanthauzira mau a Cimang'anja, lolembedwa ndi David Clement Scott, analikonza ndi kulikuza, nilituruka mu 1929. Anamwalira mu 1939.

Abale, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, tapenyani kusiyana kwace. Wofuna nchito yopanda cilema konse agwidwa ndi mantha, nabisa cimene anapatsidwa. Anthu akhala ndi njala ya Mau, iye ali cikonzere. Koma wofuna kucita bwino agwira nchito ndi mphamvu zace zonse lero, nalola kudzudzulidwa, nakonza mawa. Ungwiro ngwa Mulungu yekha; kwa ife afuna kukhulupirika. Potero musaleke kuphunzitsa cifukwa ca kuopa kuphonya.