Édouard Lucas, mphunzitsi yemwe anagonjetsa nambala ndi manja okha

Mwana wa sukulu ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, mutampatsa mango 7 kuti agawire anzake mofanana popanda kudula, adzalephera, pokhapokha anzakewo atakhala 7. Nambala zotere, zomwe sizigawika ndi ina kupatula 1 ndi iyo yomwe, akatswiri a masamu amazitcha ma prime. Zazing'ono n'zosavuta kuzizindikira. Zikuluzikulu ndizo zinamusowetsa tulo Édouard Lucas.

Lucas anabadwira mumzinda wa Amiens ku France mu 1842. Anagwirako ntchito pamalo oonera nyenyezi ku Paris, anamenya nawo nkhondo ya France ndi Prussia mu 1870, kenaka anakhazikika pa uphunzitsi m'sukulu za sekondale za Saint-Louis ndi Charlemagne.

Nambala yomwe inamutchukitsa imapezeka pochulukitsa ma 2 okwana 127, kenaka n'kuchotsapo 1. Ili ndi madijiti 39: 170141183460469231731687303715884105727. Wansembe Marin Mersenne ananena mu 1644 kuti nambalayi siigawika, koma sanapereke umboni. Ndipo kukayika kunali koyenera, pakuti si nambala zonse za mtunduwu zomwe zimatero: ma 2 okwana 11 ukachotsapo 1 amapereka 2047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Kuyesa kuigawa ndi nambala imodziimodzi kukanatha mibadwo yosawerengeka. Lucas anadzera njira ina. Anayambira pa 3, kuichulukitsa ndi iyo yomwe n'kuchotsapo 2, kupeza 7, kuchitanso chimodzimodzi, kupeza 47, kenaka 2207. Nambala zikakula kuposa yoyesedwayo, ankagawa n'kusunga chotsala chokha. Akabwereza maulendo oyenera ndipo chotsala chomaliza n'kukhala 0, ndiye kuti nambalayo ndi prime. Kuti asasokonezeke, ankasuntha timiyala pabolodi la mizere 127, ntchito yomwe wosewera bawo angaimvetse msanga kuposa ambiri a ife. Mu 1876 analengeza kuti Mersenne ananena zoona.

Kwa zaka 75 palibe anapeza prime yoposa imeneyi, mpaka mu 1951 pomwe makina owerengera analowererapo. Kufikira lero ndi yaikulu koposa mwa zonse zotsimikizidwa ndi manja okha. Njira yakeyo, yomwe Derrick Lehmer anaikonzanso m'ma 1930, ndiyo makompyuta anatsata potsimikizira prime ya madijiti oposa 41 miliyoni mu Okutobala 2024.

Analinso wokonda masewera: mu 1883 anatulutsa Tower of Hanoi, atabisa dzina lake n'kudzitcha N. Claus.

Imfa yake inali yomvetsa chisoni chifukwa cha kuchepa kwa chomwe chinaiyambitsa. Pa phwando la akatswiri a sayansi ku Marseille mu 1891, woperekera zakudya anagwetsa mbale ndipo phale linamucheka patsaya. Bala linatukusira, ndipo pa 3 Okutobala chaka chomwecho anamwalira ku Paris ali ndi zaka 49.