Ole Kirk Christiansen: kalipentala amene adayambitsa LEGO

Aphunzitsi, m'gawo lino muwerenga mbiri ya munthu amene adatchuka chifukwa cha zoseweretsa ana. Powerenga, onani mmene zaka zasanjidwira, ndiponso mmene nkhani imodzi yaing'ono ingaonetsere khalidwe la munthu kuposa mawu ambiri omutamanda.

Ubwana ndi kuphunzira ntchito

Ole Kirk Christiansen adabadwa pa 7 Epulo 1891 m'mudzi wa Filskov, m'chigawo cha Jutland ku Denmark. Banja lawo linali lalikulu komanso losauka, choncho adayamba kugwira ntchito m'mafamu akadali wamng'ono. Atasinkhuka adaphunzira ukalipentala kwa mkulu wake, kenaka adakagwira ntchito ku Germany ndi ku Norway. Mu 1916 adabwerera kwawo nagula malo opalira matabwa ku Billund, kamudzi kamene panthawiyo sikanali kodziwika. M'chaka chomwecho adakwatira Kirstine Sørensen, ndipo adabereka naye ana aamuna anayi: Johannes, Karl Georg, Godtfred ndi Gerhardt.

Ntchito yake inali yomanga nyumba ndi kukhoma zitseko, mawindo ndi mipando ya alimi a m'deralo. Mu 1924 ana ake awiri, akusewera m'nyumba yogwiriramo ntchito, adayatsa moto umene udagwira zopalidwa za matabwa. Malo antchito ndi nyumba yogona zidapsa. Ole adamanganso, ndipo nyumba yatsopanoyo inali yaikulu kuposa yoyamba ija.

Chaka chowawa cha 1932

Chuma cha dziko lonse chitagwa kuyambira mu 1929, alimi a ku Denmark adasowa ndalama. Mlimi akasauka, kalipentala nayenso amagona ndi njala. Maoda omanga nyumba adatha ndipo Ole adachotsa antchito ake. Mu 1932 mkazi wake adamwalira, namusiyira ana anayi ndi ngongole.

M'chaka chimenechi ndi mmene adatembenukira ku zinthu zing'onozing'ono zimene banja losauka lingakwanitse kugula: makwerero, matebulo ositira zovala ndi zoseweretsa ana zamatabwa. Ankasema timagalimoto, tindege ndi tinyama, n'kuzipaka utoto ndi manja. Nthawi ina ana adakonda kwambiri kachoseweretsa ka pa chingwe kotchedwa yo-yo, ndipo Ole adapanga tambiri. Chikondicho chitazirala mwadzidzidzi, iye sadataye totsalato: adatigawa pakati n'kutisandutsa matayala a timagalimoto.

Mu 1934 adapatsa kampani yake dzina lakuti LEGO. Dzinali adalipanga podula mawu awiri a Chidanishi, leg ndi godt, amene tanthauzo lake ndi kusewera bwino.

Nkhani ya abakha

Choseweretsa chodziwika kwambiri cha zaka zimenezo chinali bakha wamatabwa wokhala ndi matayala, amene mwana ankamukoka ndi chingwe. Bakha aliyense ankapakidwa utoto, kenaka vanishi katatu.

Godtfred, mwana wachitatu, adayamba kuthandiza bambo ake ali ndi zaka 12. Iye mwini atakula ankasimba kuti tsiku lina adapaka abakha vanishi kawiri kokha, nakawasiya kusiteshoni ya sitima, n'kubwera kudzauza bambo ake monyadira kuti wapulumutsa ndalama. Ole sadamuyamike. Adamulamula kuti akawatenge abakha onsewo, awapake kachitatu, awalongedzenso yekha, ndipo asagone mpaka ntchitoyo itatha.

Wogula sakadazindikira kusiyana kwake tsiku logula. Kusiyanako kukadaonekera patapita miyezi, bakha atakwekweretsedwa pansi ndi kulumidwa ndi mwana. Ole ankakhulupirira kuti mwana sayenera kupatsidwa chinthu chopangidwa mwachinyengo chifukwa chakuti ndi mwana. Banjali linali pa mavuto a ndalama, komabe vanishi wachitatuyo sadamusiye.

Kuchoka ku matabwa kupita ku pulasitiki

Mu 1942, Denmark ili m'manja mwa asilikali a Germany, fakitale idapsanso, pamodzi ndi zojambula ndi zitsanzo za zoseweretsa. Ole anali ndi zaka zoposa 50, koma adamanganso.

Nkhondo itatha adaitanitsa kuchokera ku Britain makina osungunula pulasitiki ndi kuithira m'zikombole, ndipo adafika mu 1947. Anali okwera mtengo kwambiri, ndipo ogulitsa zoseweretsa ambiri ankaona pulasitiki ngati chinthu chachabe poyerekeza ndi thabwa. Mu 1949 kampaniyi idayamba kupanga tinjerwa tolumikizana. Ganizo la tinjerwati silidayambire ku Billund: tidatengera njerwa za kampani ya Kiddicraft, zimene Mngelezi wina, Hilary Page, adazipanga kale. Tinjerwa toyambato tinali togobeka kunsi ndipo sitinkagwirana zolimba, moti nyumba ya mwana inkagwa akangoikhudza.

Vutoli lidatha pamene Godtfred ndi anzake adaika timapaipi kunsi kwa njerwa, kuti timitu ta njerwa yapansi tizipanikizika pakati pa timapaipito ndi makoma. Chikalata chopempha boma kuti liteteze luso limeneli chidaperekedwa pa 28 Januwale 1958. Ole adamwalira pa 11 Malichi chaka chomwecho, ali ndi zaka 66. Mu 1960 moto wina udapsereza nyumba yosungiramo zoseweretsa zamatabwa, ndipo kampaniyi idaleka kusema.

Kamunthu kamene Ole sadakaone

Tianthu ta LEGO timene ana amatidziwa lero tidatuluka mu 1978, patatha zaka 20 Ole atamwalira. Amene adatsogolera potipanga anali Jens Nygaard Knudsen. Kamunthu kamodzi n'kotalika pafupifupi masentimita 4. Mutu, thunthu ndi miyendo zimachotseka, ndipo manja ndi miyendo zimapindika. Toyamba tonse tinali ta nkhope yachikasu, maso awiri ndi kumwetulira basi. Nkhope za ndevu ndi zina zosiyanasiyana zidayamba mu 1989.

Chifukwa tianthuti timatuluka m'makina tili tofanana, anthu ena, ana ndi akulu omwe, amatisintha kuti tifanane ndi munthu amene akumufuna. Amayamba ndi kutsuka kamunthuko ndi kufufuta zimene fakitale idadinda. Tsitsi, chipewa, ndevu kapena duku amaziumba ndi phala la epoxy, limene amasakaniza mitundu iwiri ndipo limauma pakapita maola ochepa. Likauma amalisalaza, n'kupaka utoto wa acrylic ndi kaburashi kakang'ono, pang'onopang'ono kangapo, chifukwa utoto wochindikala umakwirira maonekedwe ndipo ukalowa m'mfundo miyendo imaleka kupindika. Pomaliza amapaka vanishi kuti utoto usakandike. Kusema, kupaka ndi kudikira kuti ziume, ntchito zimene Ole adayamba nazo pa abakha ake, zabwereranso motere pa kachidole kapulasitiki.

Mbiriyi ndi kalasi lanu

Luso limeneli si lachilendo kwathu. Mwana wa ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia amaumba ng'ombe zadongo, amapinda galimoto yawaya, amaveka chitsononkho nsalu n'kuchibereka kumbuyo. Ndipo sachita zimenezi mwakachetechete: ng'ombeyo amaipatsa dzina, galimotoyo imakhala ndi kumene ikupita, ndipo chidolecho chimadzudzulidwa kapena kutonthozedwa. Pamenepo ndi pamene mphunzitsi wa chiyankhulo ayenera kutchera khutu.

Taganizirani kalasi la ku Vosloorus, ku Ekurhuleni, kumwera chakummawa kwa Johannesburg. Tauniyi idakhazikitsidwa mu 1963 pamene boma la tsankho lidasamutsira kumeneko anthu akuda ochokera ku Stirtonville, pafupi ndi Boksburg. Lero ana akumeneko amabwera kusukulu ndi Chizulu, Chisutu, Chixhosa ndi ziyankhulo zina, ndipo pakati pawo mungapeze mwana wa makolo ochokera ku Malawi amene kunyumba amayankhula Chichewa. Mwana wotere akafunsidwa funso la m'buku amatha kungowerama. Koma akaumba agogo ake n'kuwajambula duku ndi chitenje, amakhala ndi chofotokoza chimene palibe wina m'kalasimo akuchidziwa kuposa iye. Ku South Africa komweko, bungwe la Care for Education mogwirizana ndi LEGO Foundation lidakonza njira ya Six Bricks, imene mwana amaphunzira mitundu, malo ndi kumvera malangizo pogwiritsa ntchito njerwa zisanu ndi imodzi zokha. Kumene njerwazo kulibe, dongo, zitsekero za mabotolo ndi timitengo zimagwira ntchito yomweyo.

Ntchito

1. Lembani zaka zisanu zofunika kwambiri m'moyo wa Ole, ndipo fotokozani chifukwa chake mwasankha zimenezo.

2. Nkhani ya abakha yasimbidwa popanda kutchula mawu enieni a bambo kapena a mwana. Pezani aneni amene athandiza kuti zimenezi zitheke.

3. Uzani ophunzira anu kuti aliyense aumbe kamunthu ndi kukakongoletsa, kenaka akafotokoze m'ziganizo zisanu, poyamba m'chiyankhulo cha kwawo, kenaka m'chiyankhulo chimene mumaphunzitsa. Lembani mawu atsopano amene mwamva, ndipo mukambirane ndi anzanu pa msonkhano wotsatira.