Dotolo Robert Laws, Mwana wa Sukulu ya Madzulo

Robert Laws anabadwira ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1851. Atate wake anali mmisiri wa matabwa, ndipo ndalama pakhomopo zinali zochepa. Chotero mnyamatayo ankapala matabwa usana, madzulo namapita kukaphunzira, kufikira analowa yunivesite, natsiriza maphunziro a udotolo ndi a ubusa.

Anafika ku Nyanja ya Malawi mu 1875. Mu 1894 anayamba sukulu ya Overtoun paphiri la Khondowe, kumene ana a m'midzi anaphunzira masamu, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi za chipatala. Kumeneko sayansi sinathere pa sileti, pakuti mu 1905 ophunzira anaona ndi maso awo madzi a mumtsinje akuyatsa magetsi. Wina wa ophunzira ake, David Kaunda, anakaphunzitsa ku Chinsali. Laws anamwalira mu 1934.

Aphunzitsi anzathu, kaya ndi ku Kanyama kaya kumudzi kwanu, mwana wobwera m'mawa ndi samu yosatha nthawi zambiri alibe womuthandiza kunyumba. Musathamangire mkwapulo. Khalani naye pang'ono anzake ataweruka. Akanapanda aja anamthandiza Laws madzulo, Khondowe akanaimanga ndani?