John Dryden

John Dryden (1631–1700) anali mlakatuli, wolemba zisudzo ndi womasulira mabuku wa ku England. Amadziwika kwambiri ndi ndakatulo yake ya *Absalom and Achitophel* ya mu 1681, momwe anaveka andale a nthawi yake maina a m'Baibulo pofuna kuikira kumbuyo Mfumu Charles II pa mkangano wa wolowa ufumu.

Ubwana ndi maphunziro

Dryden anabadwa pa 9 Ogasiti 1631, malinga ndi kalendala yakale ya dzikolo, m'mudzi wa Aldwincle ku Northamptonshire. Anali woyamba mwa ana 14 a Erasmus Dryden ndi Mary Pickering. Anaphunzira ku Westminster School, kenako ku Trinity College ku Cambridge, komwe analandira digiri mu 1654.

Anakula nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Mu 1649 Mfumu Charles I anadulidwa mutu, ndipo patapita zaka zochepa dziko linali m'manja mwa Oliver Cromwell. Dryden anagwirako ntchito m'boma la Cromwell, ndipo mkuluyo atamwalira mu 1658 anamulembera ndakatulo yomutamanda. Ufumu utabwerera mu 1660, analembanso ina, *Astraea Redux*, yolandira Charles II. Adani ake sanaiwale kutembenukaku moyo wake wonse.

Mlakatuli wa mfumu

Mu 1663 anakwatira Lady Elizabeth Howard, ndipo anabereka ana aamuna atatu. Kwa zaka zambiri ankapeza ndalama polemba zisudzo, zomwe yotchuka kwambiri ndi *All for Love*. Ndakatulo yake ya *Annus Mirabilis* ya mu 1667, yosimba za nkhondo yolimbana ndi Adatchi komanso moto umene unapsereza London mu 1666, inamukweza dzina. Mu 1668 anapatsidwa udindo wa Poet Laureate, kutanthauza mlakatuli wa mfumu, ndipo mu 1670 anakhalanso wolemba mbiri ya ufumu.

Mkangano wa ufumu

Charles II anali ndi ana ambiri obadwa kunja kwa ukwati, koma ndi mkazi wake, Catherine wa ku Braganza, analibe mwana. Mwalamulo wolowa m'malo mwake anali mng'ono wake James, Duke of York, yemwe anali Mkatolika m'dziko la Apulotesitanti. Mu 1678 Titus Oates anapeka bodza lakuti Akatolika akonza chiwembu chopha mfumu, ndipo anthu osalakwa oposa 20 anaphedwa chifukwa cha bodzalo.

Anthony Ashley Cooper, Earl of Shaftesbury, anatsogolera gulu la Whig m'Nyumba ya Malamulo pofuna lamulo loletsa James kulowa ufumu. Ambiri m'gululi ankafuna James Scott, Duke of Monmouth, mwana woyamba wa mfumu wobadwa kunja kwa ukwati, amene anali Mpulotesitanti wokondedwa ndi anthu wamba. Mu Julayi 1681 Shaftesbury anatsekeredwa ku Tower of London pa mlandu woukira mfumu. Ndakatulo ya Dryden inatuluka mu Novembala chaka chomwecho, yopanda dzina la wolemba, mlanduwo utatsala pang'ono kuunikidwa.

Anthu a m'ndakatulo

Ndakatuloyi ili ndi mizere yoposa 1,000 ndipo yatsamira pa nkhani ya m'buku lachiwiri la Samueli, ya Abisalomu amene anaukira bambo ake Davide mothandizidwa ndi phungu Ahitofeli. Owerenga a nthawiyo ankalidziwa bwino Baibulo, choncho sanavutike kuzindikira amene akunenedwa:

- Davide ndi Charles II. Dryden anaphimba chimasomaso cha mfumu pochifanizira ndi mitala ya mafumu akale a Israyeli.
- Abisalomu ndi Monmouth: mnyamata wokongola ndi wolimba mtima, koma wotengeka ndi mawu oshashalika.
- Ahitofeli ndi Shaftesbury: wanzeru zakuya, wosakhazikika mtima, amene akunyengerera mwana kuti alande mpando wa bambo ake.
- Zimiri ndi George Villiers, Duke of Buckingham: munthu woyamba zambiri osamaliza chilichonse, womwaza chuma. Buckingham anali atanyozapo Dryden m'sewero la *The Rehearsal* la mu 1671.
- Simeyi, amene m'Baibulo anatukwana Davide, ndi Slingsby Bethel, mmodzi mwa akuluakulu a mzinda wa London, wojambulidwa ngati woumira ndi wachiphamaso.
- Kora, woukira Mose, ndi Titus Oates, mboni yonama.
- Barizilai, nkhalamba imene inadyetsa Davide ali pothawa, ndi James Butler, Duke of Ormonde, yemwe sanamutaye Charles pa nthawi imene anali kunja kwa dziko.

Malo ndi magulu nawonso anasinthidwa maina. Israyeli ndi England, Yerusalemu ndi London, Ayebusi ndi Akatolika, ndipo Farao ndi Louis XIV wa ku France.

Dryden anasamala kwambiri pojambula Abisalomu, podziwa kuti mfumu inkamukondabe mwana wakeyo. Mlandu waukulu anausenzetsa Ahitofeli. Nkhani sanaifikitsenso pa imfa ya Abisalomu monga ilili m'Baibulo, koma anaimaliza Davide akulankhula mwamphamvu za udindo wake, kusiya khomo la chiyanjano lili lotsekula.

Zotsatira

Ndakatuloyi inagulidwa kwambiri, koma sinamangitse Shaftesbury. Pa 24 Novembala 1681 gulu lounika milandu la ku London linakana mlanduwo, ndipo omutsatira anasula mendulo yokumbukira tsikulo. Dryden anawayankha ndi ndakatulo ya *The Medal* mu 1682. Chaka chomwecho panatuluka gawo lachiwiri la *Absalom and Achitophel*, lomwe mbali yaikulu analemba ndi Nahum Tate. M'menemo Dryden ananyoza alakatuli anzake Thomas Shadwell ndi Elkanah Settle powatcha Ogi ndi Doegi.

Shaftesbury anathawira ku Amsterdam, komwe anamwalira mu Januwale 1683. Charles atamwalira mu 1685, Monmouth anaukiradi Mfumu James II, anagonja pa nkhondo ya ku Sedgemoor, ndipo anadulidwa mutu pa 15 Julayi 1685. Mathero amene Dryden anawalambalala m'ndakatulo anachitika m'moyo weniweni.

Zaka zomaliza

James atalowa ufumu, Dryden analowa Chikatolika. Mu 1687 analemba *The Hind and the Panther*, momwe nswala yaikazi ikuimira mpingo wa Katolika ndipo nyalugwe akuimira mpingo wa Anglican. Ambiri ankati watsata mphepo ya ndale. Koma James atachotsedwa pampando mu 1688, Dryden anakana kulumbira kuti adzamvera William III ndi Mary II. Anataya maudindo ake ndi malipiro omwe, ndipo mpando wa mlakatuli wa mfumu unapita kwa Shadwell yemwe ankamunyoza uja.

Mu ukalamba wake anadalira zisudzo ndi kumasulira. Ndakatulo za Virgil zimene anamasulira kuchokera m'Chilatini zinatuluka mu 1697, ndipo *Fables, Ancient and Modern* mu 1700. Anamwalira ku London pa 1 Meyi 1700 ndipo manda ake ali ku Westminster Abbey.

Luso lofanana nalo ku Malawi

Kudzudzula munthu pomubisa kuseri kwa nkhope ina n'kodziwika pakati pa Achewa. Zilombo zambiri za Gule Wamkulu zimatsanzira makhalidwe oipa kuti anthu aseke ndi kutolapo phunziro, ndipo zigoba zake mazanamazana zimasungidwa ku Chamare Museum ku Mua m'boma la Dedza. Pa ulamuliro wa Kamuzu Banda, alakatuli monga Jack Mapanje ndi Steve Chimombo ankagwiritsa ntchito nyama ndi nthano zamakolo ponena za ndale. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankaphiphiritsa pozemba olamulira, pamene Dryden ankaphiphiritsa potumikira mfumu.