Todd Duncan, woimba amene anakana kuimbira azungu okhaokha

Ambiri a ife kunja kuno tikamva nyimbo ya Unchained Melody timakumbukira a Righteous Brothers, kapena filimu ija ya Ghost. Koma amene anayamba kuiimba, mu filimu ya Unchained ya 1955, anali bambo wina wachikuda dzina lake Todd Duncan. Ine ndimaona kuti nyimboyi ndi kachinthu kakang'ono pa zimene bamboyu anachita.

Duncan anabadwa mu 1903 ku Danville, m'chigawo cha Kentucky ku America. Anaphunzira zoimba ku Butler ndi ku Columbia, kenako n'kuyamba kuphunzitsa pa Howard University ku Washington. Mu 1934 anaimba nawo opera ya Cavalleria rusticana ku New York, m'gulu la oimba akuda okhaokha. Kwa amene simunaionepo opera, ndi sewero loti mawu ake amachita kuimba, popanda maikolofoni, ndiye pamafunika chifuwa osati masewera.

Mu 1935 George Gershwin anamusankha kukhala Porgy, wolumala wopemphapempha wa m'sewero la Porgy and Bess. Nkhani yeniyeni inachitika mu March 1936, seweroli litafika ku National Theatre, ku Washington komweko. Holo imeneyi sinkalola munthu wakuda kulowa. Tangoganizani abale anga: iwe uli pasiteji ukutuluka thukuta, ana asukulu ako omwe ukuwaphunzitsa tsiku ndi tsiku akubwezedwa pakhomo. Duncan anakana kuimba. Eni holoyo anayesa kumunyengerera kuti akuda awapatsa malo awoawo, kumtunda kwenikweni uko, koma iye anakanitsitsa. Anne Brown, amene ankasewera Bess, anaima naye limodzi. Munthu ankatha kutaya ntchito pamenepa, ndipo ntchito ngati imeneyi kwa woimba wachikuda inali yosowa zedi. Mapeto ake eni holoyo anagonja, ndipo sabata imeneyo aliyense anakhala pamene wafuna.

Osaganiza kuti zinathera pomwepo. Seweroli litangochoka, holoyo inabwerera ku tsankho lake, ndipo inadzatsegulira anthu onse zenizeni mu 1952.

Mu 1945 Duncan anakhala munthu wakuda woyamba kuimba ndi New York City Opera, ngati Tonio mu Pagliacci. Apa n'kuti kudakali zaka khumi kuti Marian Anderson aloledwe ku Metropolitan Opera.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha 1949, mu Lost in the Stars ya Kurt Weill ndi Maxwell Anderson, yochokera m'buku la Alan Paton, Cry, the Beloved Country. Duncan anali Stephen Kumalo, m'busa wakumudzi ku Natal amene akukwera sitima kupita ku Joni kukafunafuna mwana wake Absalom, amene anapita kalekale n'kusiya kulemba makalata. Akumupeza atapalamula mlandu wopha mzungu. Ife amene agogo athu anapita ku migodi ndi Wenela, ena osabwerera mpaka lero, nkhani ya mtchona sitichita kufotokozeredwa. Anthu a ku Broadway anaimva kuchokera pakamwa pa mwana wa ku Kentucky.

Atasiya masewero, anapitiriza kuimba m'makonsati m'mayiko ambiri, kenako n'kumaphunzitsa oimba achinyamata ku Washington mpaka ukalamba. Anamwalira komweko pa 28 February 1998, ali ndi zaka 95.