Bambo Damien, Mbale wa Akhate

Jozef De Veuster, amene adziwika ndi dzina la Bambo Damien, anabadwa pa 3 Januwale 1840 ku Tremelo, m'dziko la Belgium. Makolo ace anali alimi, ndipo iye anakula wozolowera nchito za manja. Atakula anatsata mkulu wace ku Leuven, nalowa m'cipani ca ansembe ca Mitima Yoyera. Mkuluyo anasankhidwa kukalalikira ku zisumbu za Hawaii, koma anadwala asananyamuke, ndipo Damien anapempha kupita m'malo mwace. Anafika ku Honolulu m'caka ca 1864, nadzozedwa unsembe caka comweco.

Masiku amenewo nthenda ya khate inali kufala pa zisumbuzo, ndipo mankhwala ace anali asanapezeke. M'caka ca 1865 boma linaika lamulo lopatula odwala. Kuyambira 1866 akhate anacotsedwa kwa abale ao, natumizidwa ku Kalawao pa cisumbu ca Molokai, malo otsekedwa ndi nyanja kutsogolo ndi matherezi atali kumbuyo. Kumeneko cakudya cinali copelewera, nyumba zinali zacabecabe, ndipo ambiri, pokhala opanda ciyembekezo, anagwa m'kuledzera. Akufa anaikidwa m'manda osaya, amene nkhumba zinafukula.

Bishopu Louis Maigret anafuna kuwatumizira wansembe, koma sanafune kukakamiza munthu. Ansembe anai anadzipereka kuti azipita mosinthana. Damien ndiye anayamba. Anafika pa 10 Meyi 1873, ndipo ataona mabvuto a anthuwo anapempha kukhala komweko. Masiku oyamba anagona pansi pa mtengo, popeza analibe nyumba.

Cifundo cace cinaoneka m'manja mwace. Anatsuka zilonda nazimanga, anamanga nyumba, anakokera madzi m'mudzi ndi mipope, anakhoma mabokosi a maliro, nakumba manda. Anasonkhanitsa ana amasiye nawalera. Koma cimene cinakhudza mitima ya odwala koposa ndi ici: sanawanyansidwe. Analankhula cinenero cao, analowa m'nyumba zao, nadya nao m'mbale imodzi. Munthu wokanidwa sacedwa kuzindikira cifundo ca ciphamaso. Anthu a ku Kalawao anamuyesa wansembeyo tsiku ndi tsiku, napeza kuti mau ace ndi nchito zace zinali cinthu cimodzi.

Damien sanali wopanda zifukwa. Anali wa mtima wapacala ndi wosamva za anzace, ndipo kawirikawiri anatsutsana ndi akulu a boma ndi a mpingo. Atamwalira, mbusa wina wa ku Honolulu anamnyoza m'kalata, ndipo mlembi wa mabuku Robert Louis Stevenson anamuyankha poyera m'caka ca 1890. Stevenson sanabise zofooka za Damien, koma anaonetsa kuti munthu wofooka yemweyo ndiye anapita kumene ena anaopa kupita.

Ca kumapeto kwa 1884 anabviika phazi m'madzi otentha, ndipo ngakhale linachuza matuza, iye sanamve kuwawa. Apo anadziwa kuti khate lamgwira. Sanacoke, koma anafulumiza nchito. Joseph Dutton anadza kudzamthandiza m'caka ca 1886, ndi Mai Marianne Cope pamodzi ndi asisteri m'caka ca 1888. Anamwalira pa 15 Epulo 1889, ali ndi zaka 49, naikidwa pansi pa mtengo uja anagonapo poyamba. M'caka ca 1936 mtembo wace unatengedwa kunka ku Leuven, ndipo m'caka ca 2009 Papa Benedict XVI anamwerenga pakati pa oyera.

Lero khate licizika ndi mankhwala, ndipo lamulo lopatula odwala ku Hawaii linathetsedwa m'caka ca 1969. Koma okanidwa sanathe. M'sukulu iriyonse ya kumudzi muli mwana wa zilonda kapena wa usiwa, amene anzace safuna kukhala naye pa benchi imodzi. Ana amamva phunziro la cikondi m'mawa, ndipo masana amayang'anitsitsa ngati mphunzitsi adzagwira dzanja la mwana ameneyo. Cimene adzaona masana ndico adzakhulupirira.