Yohane Woyera wa Mtanda: Wansembe Amene Anavina pa Khirisimasi

Pa 14 Disembala, mkati mwa nyengo ya Adiventi, Mpingo umakumbukira Yohane Woyera wa Mtanda. Ambiri timamudziwa ngati munthu wa mapemphero ozama ndi masautso, koma ansembe amene ankakhala naye ankakumbukiranso chimwemwe chake pa Khirisimasi.

Anabadwa mu 1542 ku Fontiveros, m'dziko la Spain, ndipo dzina lake linali Juan de Yepes. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Mayi ake, a Catalina, analera ana movutikira ndi ntchito yoluka nsalu. Atasamukira ku Medina del Campo, Yohane ankasamalira odwala m'chipatala kwinaku akuphunzira. Analowa chipani cha Akarimeli mu 1563, nadzozedwa unsembe mu 1567. Chaka chomwecho anakumana ndi Teresa Woyera wa ku Ávila, amene anamupempha kuti athandizane kubwezeretsa moyo waumphawi ndi wa mapemphero m'chipanicho.

Ena m'chipanimo sanakondwere ndi kusinthaku. Mu Disembala 1577 anamugwira, nakamutsekera m'kachipinda kamdima ku Toledo. Ku Spain mwezi umenewu ndi wozizira kwambiri. Khirisimasi ya chaka chimenecho inamupeza ali yekha, wanjala, osaloledwa kuchita Misa. M'kachipindamo ndi momwe anapeka ndakatulo zake zina, kuphatikizapo zofotokoza kubadwa kwa Ambuye. Anathawa mu Ogasiti 1578, patatha pafupifupi miyezi 9.

Pambuyo pake anakhala mkulu wa nyumba ya Akarimeli ku Granada. Mbiri ya moyo wake imasimba kuti usiku wa Khirisimasi ankakonza mdipiti m'nyumba ya ansembe. Ankanyamula chifanizo cha Amayi Maria, n'kumagogoda khomo ndi khomo kuwapemphera malo ogona. Amene anali mkati ankakana, monga zinachitikira ku Betelehemu, mpaka mdipitiwo unkafika m'tchalitchi. Tsiku lina chimwemwe chitamukulira, ananyamula chifanizo cha Mwana Yesu m'manja, nayamba kuvina akuimba.

Anamwalira ku Úbeda pa 14 Disembala 1591, ali ndi zaka 49. Anatchulidwa woyera mu 1726, ndipo mu 1926 Papa Pius XI anamulengeza kukhala Mphunzitsi wa Mpingo.

Abale ndi alongo, Yohane ankadziwa kuwawa kwa chitseko chotsekedwa, pakuti amene anamutsekera anali abale ake enieni a m'chipani. Komabe sanasunge mangawa, ndipo sanalole kuti Khirisimasi ya ku Toledo iwononge zina zonse zotsatira. Enafe chaka chino chatilemera ndi maliro, ngongole kapena kusamvana pabanja. Tisanagule mpunga ndi nkhuku, tidzifunse: kodi ndani amene wakhala akugogoda pakhomo pathu, ife osamutsegulira? Mwina ndi m'bale amene tinasiya kulankhulana naye, mwina ndi mnansi wa m'mphakati wathu amene adzadya yekha pa 25.

Yohane Woyera wa Mtanda, mutipempherere ife.